Dimba la m'galasi

Kuno ku Moatize fumbi la malasha silinena odi.
Umalipeza pa kolala, m'mphuno, pansi pa kapu,
ngakhale m'kalata yomata.
Ine wa ku Domwe, wokulira m'madimba a mbatatesi,
ndinatha zaka zisanu ndi chimodzi
maso ali ndi ludzu la chinthu chobiriwira.

Ndiye ndinapita kwa Jerivaziyo wodula magalasi,
miyeso nditalemba pa chikatoni cha sopo.
Anandiyang'ana, pensulo ili kukhutu:
"Zenera lanji la mbali zisanu?"
Tinamata ndi silikoni, tinadikira masiku atatu,
tinathira madzi pakhonde. Pangodya panatuluka dontho,
kenako lina, ngati mwana wobisa kulira.
Tinamatanso.

Dothi ndinabwera nalo ku maliro a malume,
m'jumbo, pansi pa mpando wa chapa.
Mchenga wa mu Revubwe ndinautsuka kasanu ndi kawiri
mpaka madzi anasiya kukamba za mtsinje.
Miyala itatu. Muzu wa tsanya
umene ndinauwiritsa usiku wonse m'poto wa Anasitansiya,
mlandu wake sunathe mpaka lero.

Kubzala m'madzi si kubzala kumunda.
Ukakwirira tsinde, limazuka, limayandama,
limakuyang'ana utanyowa mpaka m'chigongono.
Ndinasema kopanira ka nsungwi.
Udzu wautali kumbuyo, timasamba tozungulira kutsogolo,
tina ndinamangirira ku muzu ndi ulusi wakuda.

Kenako kudikira. Masabata anayi opanda nsomba.
Erisiliya akaweruka kusukulu, mphuno pa galasi:
"Ababa, mukuweta madzi?"
Eya, mwanawe, madzi nawonso amakhwima.
Masamba oyamba anasungunuka ngati therere.
Ndere zinakuta galasi, ndinazipala ndi khadi lakale la ku banki,
ndinachepetsa maola a nyale,
ndinatukwana pang'ono.
Nkhono zinabwera zokha, sindinaziitane,
ndinazisiya chifukwa zimagwira ntchito osafunsa malipiro.

Tinsomba tinawoloka mlatho wa ku Tete m'botolo,
khumi ndi tiwiri, kalikonse kosafika chala cha khanda.
Mlamu wanga anawerama, anawerenga, anaseka:
"Izi n'zosadzaza ndi supuni yomwe.
Zambezi ali pompa, munthu n'kugula nsomba yongoyang'ana?"

Mu Okutobala magetsi anathima masiku awiri.
Pampu inakhala chete. Madzi anafunda ngati tiyi woiwalika.
Tinsomba tonse pamwamba, tikamwa tili yasa,
ine ndi Anasitansiya kusinthana usiku wonse,
kutunga ndi kapu, kuthira kuchokera m'mwamba,
kuyandamitsa mabotolo a ayezi
amene ndinakawapempha kwa ogulitsa pende kumsika.
Tinataya titatu.
Erisiliya anakumba kadzenje pansi pa mpapaya, tsiku limenelo sanadye.
Mwini poto uja ndiye anandigwedeza mbandakucha:
"Tamverani, pampu yadzuka."

Tsopano Loweruka lililonse ndimachotsa ndowa imodzi,
ndimathira ina yogonera panja
kuti mankhwala a kumpopi auluke.
Madzi akalewo amamwa ndi tomato wa kuseri.
Ndimadulira nsonga ndi sizasi, zodulazo ndimabzalanso,
zotsala ndimapatsa Jerivaziyo,
amene pano ali ndi lake, lalikulu kuposa langa,
wakuba nzeru ameneyo.

Ndikaweruka ntchito ya usiku sindiyamba n'kusamba.
Ndimakhala pampando, majombo ali kuphazi,
ndimayatsa nyale, ndimadikira
tsamba liyambe kutulutsa timikanda ta mpweya,
kamodzi, kenako kena,
tikukwera mosathamangira aliyense.
Kunja sitima ya malasha ikukuwa, ikupita kunyanja.
Pa chivundikiro lagwa kale fumbi la lero.
Ndimalipukuta ndi mkono wa malaya,
n'kuwerenga: zisanu ndi zinayi,
ndi kena kakang'ono ngati mpunga
kamene dzulo kunalibe.